Sukulu ya madokotala imadzafunanji ku Mangochi?

Mayi woyembekezera akapita kusikelo pachipatala cha boma, namwino amamupatsa mapiritsi atatu a Fansidar ndi kapu ya madzi, n'kuima pomwepo mpaka mayiyo ameze. Mayiyo sakudwala malungo, mutu sukumuwawa, koma amwe basi. Zimenezi zidazolowereka moti palibe amene amafunsa kuti zidachokera kuti. Zidachokera kuno ku Mangochi.

Pakati pa 1987 ndi 1990, Unduna wa Zaumoyo mogwirizana ndi bungwe loona za matenda la CDC la ku America udatsatira amayi oyembekezera oposa 4,000 m'boma lino, kuyambira kusikelo mpaka kuchira. Nthawi imeneyo amayi ankapatsidwa chloroquine woti azimwa sabata iliyonse. Kafukufukuyo adaonetsa kuti chloroquine adali atatha mphamvu. Tizilombo ta malungo tinkabisala mu nsengwa, mayi akuyenda bwinobwino, akulima, akutunga madzi, koma mwana n'kubadwa wopepuka, makamaka ikakhala mimba yoyamba kapena yachiwiri. Ndipo mwana wobadwa wosakwana makilogalamu awiri ndi theka ndi amene imfa imamupeza msanga. Kafukufuku wina wochitikira konkuno mu 1992 adayerekeza chloroquine ndi Fansidar womwa kawiri kokha pamimba yonse. Mwa amayi 100 omwa chloroquine, pafupifupi 32 adapezeka ndi tizilombo mu nsengwa; mwa 100 omwa Fansidar, 9 okha. Mu 1993 Malawi idakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kutenga Fansidar ngati mankhwala oyamba a malungo, ndipo amayi oyembekezera adayamba kumwetsedwa mankhwalawa kusikelo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidadzalangiza mayiko ena kuchita chimodzimodzi, kenaka mu 2012 lidawonjezera kuti mayi azimwa mwezi ndi mwezi miyezi itatu yoyambirira ikangodutsa.

Pochiza munthu wodwala malungo, Fansidar adasiyidwa mu 2007 pamene kudabwera LA. Koma kusikelo akadalipo. Kafukufuku wamkulu wa ku Malawi, Kenya ndi Tanzania, amene zotsatira zake zidatuluka mu 2023, adayesa mankhwala atsopano amphamvu kwambiri pa malungo. Malungo adachepadi mwa amayi, koma ana obadwa bwino adali ochulukirapo kwa amayi a Fansidar uja. Zikuoneka kuti Fansidar amathandiza mwana m'njira inanso, yosakhudza malungo okha.

Kafukufuku woyamba uja adachitika sukulu ya madokotala ya College of Medicine isanabadwe. Koma mmodzi mwa madokotala a ku Malawi amene adali patsogolo pa ntchitoyo, Jack Wirima, adadzakhala mphunzitsi pasukuluyo, ndipo kafufuzidwe kotsatira anthu enieni a m'midzi kwa nthawi yaitali, m'malo mongowerenga mafaelo a m'chipatala, ndi kamene sukuluyo idadzapitiriza kuno. Sukulu iliyonse ya madokotala imanena kuti ili ndi ntchito zitatu: kuphunzitsa, kufufuza ndi kutumikira anthu. Pamapepala zimamveka bwino. Ku Mangochi n'kumene munthu angaone ndi maso ngati zitatuzi zimakumanadi, komanso pamene zimasemphana.

Chifukwa chake idabwera kuno

Mpaka 1991 dziko lino lidalibe pophunzirira udokotala. Mwana wanzeru ankatumizidwa kunja, ndipo ambiri akamaliza ankakhazikika komweko. Cha m'ma 1986 boma lidayamba kutumiza ophunzira ku Britain, Australia ndi South Africa kuti akayambe maphunziro, adzamalizire kwawo kuno. College of Medicine idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991 ngati nthambi ya University of Malawi, chipatala chake chophunzirira n'kukhala Queen Elizabeth, chimene ambiri timangoti ku Queens, ndipo madokotala oyamba adatuluka mu 1992. Mu 2021 idaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences, mwachidule KUHeS. Lero imaphunzitsa madokotala, anamwino, azamba, a zamankhwala, a kulabu, a mafizo ndi madokotala a mano, ndipo ili ndi malo ake ku Blantyre, ku Lilongwe ndi kuno.

Amene adayambitsa sukuluyi adaona vuto limodzi msanga. Wodwala wofika ku Queens amakhala atadutsa kale m'manja ambiri: adayamba wagula panado pagolosale, mwina adapita kwa asing'anga, adaonedwa pachipatala chaching'ono, adatumizidwa kuchipatala cha boma, n'kudzakwezedwa ambulansi. Wophunzira wongokhala ku Queens amaona mathero a matenda, osaona pamene adayambira, ndipo odwala amene adathera panjira sawaona n'komwe. Chikhalirecho anthu oposa 8 mwa 10 aliwonse m'dziko lino amakhala kumudzi. Choncho maphunziro a zaumoyo wa anthu m'madera adapatsidwa gawo lalikulu, ndipo malo ake adakhala Mangochi.

Sikunali kusankha mwachisawawa. Boma lino ndi lalikulu, la anthu oposa 1.1 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2018. Kuli nyanja ziwiri, ya Malawi ndi ya Malombe, ndi mtsinje wa Shire pakati pake. Kumatentha, udzudzu sukata. Kuli mapiri a ku Namwera ndi malire a Mozambique, asodzi osamukasamuka potsata usipa, abambo okhala zaka ku Joni, ndi madera ngati Makanjira amene nthawi ya dzinja ulendo wopita pa boma umakhala nkhani. Matenda amene wophunzira amawerenga m'buku, kuno amakumana nawo pakhomo.

Kuyambira zaka zoyambirira, ophunzira ankatengedwa kukakhala m'midzi masiku angapo, akugona m'nyumba za anthu, akudya zomwe eni nyumba akudya, akumwa madzi a pamjigo womwewo. Amawerenga mabanja, kuyeza ana sikelo, kuona zitsime ndi zimbudzi, kufunsa kuti mwana akatentha thupi usiku amatani. Ambiri mwa ophunzirawa adakulira m'tauni, ena adaphunzira sukulu zapamwamba zogonera konko, ndipo kuno amapeza kuti gogo amene akumufunsa amayankha m'Chiyao, Chichewa amangochimva patalipatali. Phindu lake limadzaoneka patapita zaka, pamene dokotala yemweyo wakhala muofesi ndipo mayi wabwera ndi mwana wadwala masiku anayi. Amene adayendapo mtunda wa kumudzi kukafika pachipatala sayamba ndi kukalipa kuti, "Mumachedwa kuti?" Amayamba wafunsa kuti achokera kuti.

Lungwena

Mukawoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kutenga msewu wa ku Makanjira, mumadutsa Malindi, pamene pali chipatala cha St Martin's cha mpingo wa Anglican, kenaka mumafika pa Lungwena. Chipatala cha pa Lungwena n'chaching'ono, koma dzina lake limapezeka m'magazini akuluakulu a zachipatala padziko lonse. Mu 1995, ofufuza a College of Medicine pamodzi ndi a yunivesite ya Tampere ya ku Finland, motsogozedwa ndi Per Ashorn, adalemba amayi oyembekezera pafupifupi 800 a m'derali n'kuyamba kutsatira ana awo chibadwire. Ankawayeza msinkhu ndi kulemera mwezi ndi mwezi, kulemba matenda alionse, kulemba amene amwalira ndi chimene chawapha. Nthawi imeneyo mwana woposa mmodzi mwa 10 aliwonse sankafika chaka. Mmodzi mwa madokotala achinyamata amene adakulira m'ntchito imeneyi ndi Kenneth Maleta, amene pambuyo pake adadzakhala pulofesa komanso mkulu wa College of Medicine.

Kutsatira ana kotereku kudathandiza kuonetsa chinthu chimene lero a zaumoyo amachitenga ngati chodziwika: kupinimbira sikuyamba mwana atasiya kuyamwa. Kumayamba ali m'mimba, n'kupitirira m'zaka ziwiri zoyambirira. Funso lidali loti tingakuletse bwanji.

Apa m'pofunika kumvetsa mmene mankhwala kapena chakudya chimayesedwera, chifukwa m'pamene anthu a m'mudzi ndi ofufuza amasemphana kawirikawiri. Simungapatse ana 500 chakudya chatsopano, n'kuona kuti akula, n'kunena kuti chathandiza. Ana amakula okha. Mwinanso chaka chimenecho mvula idagwa bwino, kapena boma lidagawa maneti. Njira yake ndi kugawa anawo m'magulu mochita maere, gulu lina lilandire chinthucho, lina lisalandire kapena lilandire chimene chimaperekedwa kale, kenaka muyerekeze. Maere amathandiza kuti magulu afanane pa china chilichonse: olemera ndi osauka, okhala pafupi ndi nyanja ndi a kumtunda. Akakhala mankhwala, gulu lina limapatsidwa mapiritsi ofanana maonekedwe koma opanda mphamvu, ndipo ngakhale woyeza anawo sadziwa kuti uyu ali gulu liti. Kwa mayi amene mnzake woyandikana naye nyumba akulandira pomwe iye sakulandira, izi zimaoneka ngati kukondera. Koma popanda gulu losalandiralo, kafukufuku yense ndi wachabe.

Pakati pa 2003 ndi 2006 amayi oyembekezera 1,320 a ku Lungwena adagawidwa motero. Ena adamwa Fansidar kawiri monga mwa nthawi imeneyo, ena mwezi uliwonse, ena mwezi uliwonse powonjezera azithromycin, mankhwala opha mabakiteriya. Ana obadwa masiku asanakwane adali pafupifupi 18 mwa 100 m'gulu loyamba ndi 12 mwa 100 m'gulu lomaliza, ndipo ana a gulu lomalizali adapezeka kuti sadapinimbire kwambiri ngakhale patadutsa zaka. Kafukufuku wina kumadera ena a chigawo cha kummwera sadapeze phindu lotere la azithromycin, choncho sadalowe pamndandanda wa kusikelo. Zimatero: kafukufuku mmodzi sasintha lamulo la dziko.

Chiponde ndi dzira

Chiponde timachidziwa tonse. Ndi mtedza wopera wosakaniza ndi mkaka waufa, shuga, mafuta ndi mavitamini. Chisanabwere, mwana wonyentchera kwambiri ankagonekedwa m'chipatala milungu ingapo, mayi ake n'kusiya munda ndi ana ena kunyumba. Mayeso a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ku Blantyre ndi madera ozungulira, amene dokotala wa ana Mark Manary adachita ndi anzake a College of Medicine, adaonetsa kuti ana ambiri otere angathe kuchirira kunyumba akumadya chiponde. Imeneyi ndi imodzi mwa ntchito zimene dziko lino lidaphunzitsa mayiko ena.

Ndiye nzeru yotsatira idali yachidziwikire. Ngati chiponde chikuchiza mwana wonyentchera, bwanji osapatsa mwana aliyense kachiponde pang'ono tsiku lililonse kuti asapinimbire n'komwe? Vutoli kuno si laling'ono: kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 adapeza ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu ali opinimbira, ndipo ku Mangochi adali pafupifupi 45. Pansi pa ntchito yotchedwa iLiNS, ana 1,932 a m'boma lino adatsatiridwa kuyambira miyezi 6 mpaka 18, ena akulandira timapaketi ta chiponde chochepa. Kafukufuku mnzake adalemba amayi oyembekezera 1,391 pachipatala cha boma, ku Malindi, ku Lungwena ndi ku Namwera, kuti chakudyacho chiyambe mwana ali m'mimba. Panapita ndalama zambiri, njinga zamoto zidazungulira midzi, ana adayezedwa kambirimbiri. Zotsatira zidatuluka mu 2015: msinkhu wa ana olandira ndi osalandira sudasiyane kwenikweni.

Kenaka kudabwera dzira. Ku Ecuador ofufuza adali atapeza kuti dzira limodzi patsiku lidachepetsa kupinimbira pafupifupi ndi theka, ndipo nkhaniyo idamveka dziko lonse. Mu 2018 kafukufuku wotchedwa Mazira adabwereza zomwezo ku Lungwena ndi ku Malindi ndi ana 660 a miyezi 6 mpaka 9. Theka la anawo lidapatsidwa dzira tsiku lililonse kwa miyezi 6. Ana a dzira sadatalike kuposa anzawo. Chimodzi mwa zifukwa zimene ofufuzawo adapereka n'chakuti ana a m'mbali mwa nyanja amadya kale nsomba, choncho dzira silidawonjezere zambiri monga lidachitira kwa ana a kumapiri a ku Ecuador.

Wina anganene kuti ndalama zidapita m'madzi. Ine ndikuona kuti apa m'pamene pali mphamvu yeniyeni ya kafukufuku wa kuno. N'kosavuta kulengeza zimene zatheka. Wopereka ndalama amasangalala, wofufuza amatchuka. Kulengeza kuti "tayesa, sizidathandize" kumafuna khosi louma, ndipo kumapulumutsa boma losauka kuti lisagule chinthu chodula poyembekezera chozizwitsa. Yankho lakuti ayi lidakankhiranso ofufuza kuyang'ana kwina. Mwana amene akudwala malungo pafupipafupi, kutsekula m'mimba, kukwawa pabwalo pamene nkhuku ndi mbuzi zikuchitira chimbudzi, matumbo ake amakhala otupa pang'onopang'ono osaonetsa, ndipo chakudya chabwino sichilowa m'thupi mokwanira. Mayi amene watenga mimba ali ndi zaka 15, iye mwini akukulabe, amalimbirana chakudya ndi mwana wake. Paketi ya chiponde singakonze zonsezi payokha.

Komanso nkhaniyi sidathere pomwepo. Mu 2021 zotsatira za mayeso 14 a chakudya chotere ochokera m'mayiko osiyanasiyana, a ku Mangochi ali momwemo, zidaphatikizidwa. Pamodzi zidaonetsa kuti kupinimbira kumachepa ndi pafupifupi 12 pa 100 iliyonse. Ndiye kuti chimathandiza, koma pang'ono, ndipo osati ponseponse mofanana. Mayi wa ku Malindi amene ankabwera ndi mwana kudzayezetsa mwezi ndi mwezi ali m'kati mwa nambala imeneyo.

Mangochi adalinso boma la ku Malawi limene lidalowa m'kafukufuku wa MORDOR, wochitikanso ku Niger ndi Tanzania, wopatsa ana onse osakwana zaka zisanu azithromycin kawiri pachaka. Zotsatira za mu 2018 zidati imfa zidachepa ndi 13.5 pa 100 mayiko onse pamodzi, koma ku Niger kudali 18, kuno osakwana 6, nambala yochepa moti ikanatha kukhala yongochitika. Poopanso kuti mabakiteriya angazolowere mankhwalawa, WHO idangolola njirayi kwa makanda a m'madera amene imfa za ana n'zochuluka kwambiri. Katemera wa malungo wa RTS,S ndiye adayenda bwino. Adayamba kuperekedwa ku Malawi pa 23 April 2019, dziko loyamba kutero, Mangochi ali mwa maboma 11 oyambirira, ndipo ofufuza a College of Medicine adali m'gulu loona mmene akuyendera. WHO idamuvomereza mu October 2021.

Nkhono zatsopano m'nyanja

Likodzo ndi lakale kuno, moti m'midzi ina mnyamata akakodza magazi ankangoti akukula. Tizilombo take timakulira mu nkhono za m'madzi, n'kulowa pakhungu la munthu amene akusamba, kuchapa kapena kukoka khoka. Ku Chembe, ku Cape Maclear, ofufuza adaona kuti likodzo lidachuluka pamene nsomba zodya nkhono zidachepa chifukwa cha kusodza mopyola muyezo, ndiye kuti nkhani ya makoka ndi nkhani ya chipatala.

Kwa zaka zambiri zinkadziwika kuti gombe la Mangochi lili ndi likodzo la m'chikhodzodzo lokha, chifukwa nkhono yofalitsa likodzo la m'matumbo kunalibe. Mu 2017 nkhono imeneyo, yotchedwa Biomphalaria, idapezeka m'nyanja, ndipo ana a sukulu atayezedwa adapezeka nalo likodzo la m'matumbo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa zidalidi choncho: padafunika anthu oyenda m'matope ndi sefa, gombe ndi gombe. Ntchitoyi idachitika ndi a Liverpool School of Tropical Medicine pamodzi ndi a Malawi-Liverpool-Wellcome, bungwe lofufuza limene lidayamba mu 1995 ndipo KUHeS ndi mmodzi mwa eni ake. Dokotala Sekeleghe Kayuni adafufuzanso asodzi a m'mbali mwa nyanja n'kupeza mazira a likodzo mu umuna wa ena mwa iwo. Kwa amayi, likodzo la njira yoberekera limafanana ndi matenda opatsirana pogonana, moti mayi akhoza kupatsidwa mankhwala olakwika kangapo, banja n'kugwedezeka, pomwe chofunika ndi praziquantel, yemwe ana amamwa kusukulu. Clinical officer amene wamva zimenezi amafunsa funso limodzi lowonjezera, lakuti mayiyo amachapa kuti.

Pamene kafukufuku sathandiza

Imfa za ana osakwana zaka zisanu zidatsika kuchoka pa 234 mwa 1,000 mu 1992 kufika pa 63 cha m'ma 2016. Sukulu ya madokotala ili ndi gawo lake pamenepa, koma ntchito yaikulu idagwiridwa ndi alangizi a zaumoyo oyenda panjinga, katemera, maneti ndi ma ARV aulere amene adayamba mu 2004. Ndipo pali mavuto amene nzeru yake idapezeka kalekale. Kolera wa 2022 mpaka 2023 adagwira anthu oposa 58,000 n'kupha oposa 1,700 m'dziko lino, Mangochi ali mwa maboma okhudzidwa kwambiri. Palibe chatsopano chimene pulofesa akadatiuza: madoko a asodzi opanda zimbudzi, madzi akumwa otungidwa pomwe anthu akusamba. Pamenepo pamafunika mijigo, mipope ndi ndalama za khonsolo.

Ndalama ndiyo nkhani inanso. Chiponde chochepa chija, dzira ndi MORDOR, zonsezi zidalipiridwa ndi bungwe la Bill & Melinda Gates Foundation kudzera m'mayunivesite a kunja. Si choipa, popanda iwo ntchitozo sizikadachitika, ndipo Amalawi ambiri adapeza madigiri apamwamba kudzera momwemo. Koma mwini thumba ndi amene amasankha funso. Mukalowa m'wodi ya akuluakulu pachipatala cha boma lililonse mupeza a BP ndi sitiroko, a shuga, anyamata othyoka miyendo pa njinga zamoto za kabaza, odwala maganizo. Awa ndi mafunso athu, koma opereka ndalama za kafukufuku sawathamangira monga amathamangira malungo ndi HIV. Pulojekiti ikabwera imalembanso anamwino ndi ma clinical officer pamalipiro oposa a boma, ndipo ena mwa iwo amachokera m'mawodi momwemo. Apa kufufuza ndi kutumikira zimakokana, ndipo sukulu yonena kuti imachita zonse ziwiri iyenera kuvomereza zimenezi poyera.

Dokotala wa chipatala cha boma

Kwa ine, chinthu chachikulu chimene sukuluyi idachitira Mangochi m'zaka zaposachedwa si kafukufuku ayi. Zipatala za m'maboma zakhala zikuyendetsedwa ndi ma clinical officer, amene tonse timawatchula kuti adokotala, ndipo ndi iwo amene amachita maopaleshoni ambiri a amayi. Dokotala wa digiri akatumizidwa kuboma, kawirikawiri amathera muofesi, pa bajeti ndi misonkhano, ndipo akafuna kupitiriza maphunziro njira yake inali yobwerera ku Blantyre kapena ku Lilongwe kukakhala katswiri wa nthambi imodzi, osadzabwereranso.

Mu 2015 College of Medicine idayamba maphunziro a zaka zinayi a ukatswiri wa family medicine, ndipo malo ake ophunzirira adakhala chipatala cha boma cha Mangochi. Dokotala wotere amaphunzira kukhala katswiri wa chipatala cha boma chenichenicho: m'mawa aone mwana wa malungo aakulu, masana achite opaleshoni ya mayi amene walephera kubereka, aone wa TB ndi wa shuga, akayendere zipatala zing'onozing'ono, aziphunzitsanso anzake. Ophunzira udokotala a chaka chachinayi nawonso amakakhala milungu ingapo m'zipatala za m'maboma. Phindu la wodwala ndi la pompopompo, chifukwa pamene pali ophunzira pamakhala aphunzitsi, ndipo wodwala amaonedwa ndi maso ambiri. Koma kuti dokotala ameneyu akhazikike ku Makanjira kapena ku Monkey Bay sizili m'manja mwa sukulu. Zimadalira ngati boma lamulemba ntchito, ngati kuli nyumba, magetsi, magazi mufiriji ndi sukulu ya ana ake.

Magazi ndi chilolezo

Kafukufuku aliyense amene ndatchulayu adatheka chifukwa anthu adalola kuyezedwa, kubayidwa chala, kupereka mkodzo ndi chimbudzi cha ana awo. M'dziko limene mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu mu 2017, kutenga magazi m'mudzi si nkhani yamasewera. Mayi akaona kabotolo ka magazi a mwana wake kakulowa m'bokosi lozizira n'kukwera galimoto, ali ndi chifukwa chofunsira kuti akupita nawo kuti. Ofufuza odziwa ntchito amayambira kwa mfumu, kwa mashehe ndi abusa, n'kuitanitsa msonkhano, ndipo amalemba ntchito anyamata ndi atsikana a m'dera lomwelo olankhula Chiyao.

Palinso malamulo. Kafukufuku wokhudza anthu asanayambe ayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa otenga mbali. Sukuluyi ili ndi komiti yakeyake, ndipo palinso ya dziko lonse pansi pa Unduna wa Zaumoyo. Ngakhale wophunzira wofuna kungofunsa mafunso amadutsa momwemo. Munthu ayenera kufotokozeredwa m'chiyankhulo chake cholinga cha kafukufuku, zoopsa zake, kuchuluka kwa magazi otengedwa ndi kumene akasungidwe. Wosadziwa kulemba amadinda chala pamaso pa mboni imene si ya m'gulu la ofufuzawo, ndipo amatsala ndi pepala lake. Angathe kukana, kapena kusiyira panjira, popanda kutaya thandizo lililonse la kuchipatala. Ndalama imene amapatsidwa ndi yobwezera ulendo ndi nthawi, si mtengo wa magazi.

Chovuta n'chakuti kumene mankhwala amasowa, kulowa m'kafukufuku kumakhala njira yoti mwana azionedwa msanga, ndipo munthu wotere kukana kumamuvuta ngakhale pepala likuti ali ndi ufulu. N'chifukwa chake gulu la ofufuza likafika m'mudzi mwanu, kuwonjezera pa kufunsa za magazi, afunseni ngati mwana adzapitirize kulandira chithandizo pulojekiti ikatha, komanso tsiku limene adzabwere kudzakuuzani zimene apeza. Zotsatira zimatuluka m'Chingerezi, m'magazini a ku London ndi ku Boston kapena mu Malawi Medical Journal, patapita zaka ziwiri kapena zitatu, nthawi imene galimoto za pulojekiti zidachoka kale. Msonkhano wodzafotokoza zotsatira m'Chiyao ndi m'Chichewa uyenera kulembedwa mubajeti kuyambira pachiyambi, ndipo mfumu ili ndi mphamvu yofunsa zimenezo isanalole kuti ntchito iyambe.